Mpata wa Thabwa

Januwale ku Duluth. M'galaja mpweya wanga ukuoneka,
hitala ikungolira pakona ngati mphaka wokalamba.
Matabwa a mapulo agona muno masabata atatu
kuti azolowere. Thabwa silifuna phuma.

Solveig ananena miyeso pa foni:
uvuni wake ndi mainchi makumi atatu m'lifupi,
akufuna ukhale m'mwamba, pofika m'chiuno,
watopa n'kugwada potulutsa buledi.
"Mbali zake zisakhale zathyathyathya ngati chitseko cha firiji, Ababa.
Ndikufuna zija zotukuka pakati,
ngati za kabati ya Amayi."

Ngati za kabati ya Amayi.
Ndinaika foni pansi, n'kuyamba kunola tchizulo
yomwe inali yakuthwa kale.

Ndayamba ndi felemu: awiri oimirira, atatu opingasa.
M'kati mwake ndakumba kangalande
momwe thabwa lapakati lidzalowetse milomo yake.
Kenako thabwalo. Makina azidya m'mphepete pang'onopang'ono;
ukawapatsa zambiri nthawi imodzi amapsereza,
fungo ngati la shuga wogwera pa mbaula.
Kanayi, kasanu, kuyambira kumutu komwe limakonda kung'aluka,
mpaka pakati patsala chitunda, m'mbali mwatsetsereka.
Utuchi uli m'ndevu, m'khofi, m'thumba la malaya.

Ya Darlene ija ndinapanga ndili mnyamata, ukwati uli wa miyezi isanu.
Ndinkaopa kuti thabwa lidzagwedera,
ndiye ndinathira guluu ngalande yonse tho,
n'kupana mpaka zala kuyera.
Nyengo yotentha inadutsa bwinobwino.
Mu Febuluwale, pakati pa usiku, mpweya wa m'nyumba utauma gwa,
tinadzidzimuka: phwaa! ngati mfuti.
Thabwa linafuna kubwerera m'thupi mwake
koma ine ndinali nditalimanga manja ndi miyendo.
Mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi.
Darlene anaphimbapo ndi kalendala ya ku banki,
chaka ndi chaka kalendala yatsopano,
mpaka chaka chomwe anapita kwa mkulu wake ku Fargo
ndi masutikesi awiri.
Kalendala anaisiya.

Lero guluu ndapaka polumikizira felemu pokha.
Lapakatilo ndalisiya liziyandama,
mpata wa ndalama yachitsulo uku, wina uko,
kuti mu Julaye likamwa chinyezi litupe,
mu Januwale lifote, popanda kupempha chilolezo.
Vanishi ndapaka m'mphepete ndisanalilowetse,
kuopa kuti likadzafota padzaoneka mzere woyera.
Ndikaligogoda ndi chala likuyankha kuti gwede.
Ndi momwemo.

Loweruka tanyamula ndi Toivo pa pikapu yake,
chipale chofewa chikugwera pa bulangeti lomwe tafunditsa.
Nyumba ya Solveig ili ndi zaka zana, pansi pake papendekera kumsewu,
levulo ikutiuza zoona zomwe sitinafunse.
Talowetsa timitengo kunsi, ndasema thabwa lakumapazi
kuti ligwirizane ndi kupendekako,
pakuti nyumba siingawongoke chifukwa cha ine.
Kumbuyo ndasiya njira yoti kutentha kuzitulukira.
Uvuni tanyamula atatu, Toivo akutukwana m'Chifinishi,
waya wakodwa, tabweza, tayesanso,
walowa. Potsala pongokwana chikhadabo.

Solveig wayendetsa dzanja pa chitunda chija,
kutsika nacho, kukwera nacho,
kenako wakankha ndi chala chachikulu. Thabwa lasuntha pang'ono.
"Ababa, ili likugwedera. Mwaiwala guluu?"

Toivo wayang'ana kudenga ngati kuli nkhani.
Ine ndikupukuta utuchi pa tepi yanga,
ndikuipinda, ndikuitambasulanso.
"Lisiye choncho," ndatero.
"Amayi ako akabwera pa Isitala,
uwauze alikankhe nawonso."